Mwana Wosinza m'Kalasi Si Waulesi Nthawi Zonse

Makolo anzathu, ndi inu nonse amene mumalera ana, m'buku la Macitidwe a Atumwi, mutu 20, muli nkhani ya mnyamata wina dzina lake Utiko. Paulo anali ku Trowa, ndipo popeza anali kunyamuka m'mawa mwake, anapitiriza kulankhula mpaka pakati pa usiku m'cipinda ca pamwamba. Utiko anakhala pazenera. Tulo tinamugonjetsa, ndipo anagwa pansi kucokera pa nsanjika yacitatu. Paulo anatsika namukumbatira, ndipo mnyamatayo anabwerera kwao wamoyo. Sitiwerenga paliponse kuti anamukalipira.

Ife tikanakhalapo, mwina tikanati ndi mwana wamwano, wosinza pamene akulu alankhula. Ndi mau omwewo amene timanena aphunzitsi akatiuza kuti mwana wathu amagona padesiki, kapena tikamudzutsa katatu m'mawa iye n'kumangotembenuka. Timati ulesi. Koma tisanatenge ndodo, tiyeni tiwerenge maola.

Mu 2016, bungwe la madokotala a za tulo la ku America, American Academy of Sleep Medicine, linafotokoza kuculuka kwa tulo timene ana amafunika. Mwana wa zaka 3 mpaka 5 amafunika maola 10 mpaka 13, kuphatikizapo tulo ta masana. Wa zaka 6 mpaka 12 amafunika maola 9 mpaka 12. Wacinyamata wa zaka 13 mpaka 18 amafunika maola 8 mpaka 10. Ambiri a ife timaganiza kuti mwana akatha msinkhu angathe kugona monga munthu wamkulu, pamene thupi lake likali kumangidwa.

Tsopano taganizirani mtsikana wa kusekondale m'nyumba yonga zathu. Amadzuka 04:30 kuti atunge madzi, akoleze mbaula, asese pabwalo, asambike ang'ono ake, ndi kuyenda mtunda kuti 07:00 imupeze pasukulu. Kuti apeze maola 8 okha, ayenera kukhala atagona pofika 20:30. Koma nsima ya madzulo imapsa ca m'ma 21 koloko cifukwa tinali kudikira atate ake. Atadya amatsuka mbale, kenaka amatenga mabuku, kenaka foni. Amagona 23:00. Ameneyo wagona maola asanu ndi theka. Kucokera Lolemba kufika Lacisanu wapereweredwa maola 12 ndi theka, ndiko kuti m'sabata imodzi yataika nthawi yoposa usiku wathunthu. Mlongo wake wamwamuna, amene sagwira mbale kapena cidebe, amagona ola limodzi kapena awiri kuposa iye, ndiyeno timadabwa kuti mtsikanayo wabwerera m'mbuyo pa masamu.

Timaona tulo ngati nthawi imene thupi lazima monga wailesi, koma muli nchito yaikulu imene imacitika. M'maola oyamba a usiku, pamene mwana ali m'tulo tofa nato, thupi limatulutsa kwambiri madzi ena apadera, amene madokotala amawachula mahomoni, oyendetsa kukula kwa mafupa ndi minofu. Nthawi yomweyo ubongo umabwerera pa zimene waphunzira masana, kusankha zofunika ndi kuzisunga. Mbandakuca kumaculuka tulo ta maloto, timene timathandiza mtima kukhazikika pa zimene zinaupweteka dzulo. Conco mwana wogona mocedwa ndi kudzuka kusanace amabedwa mbali zonse ziwiri. Amaiwala msanga, sacedwa kupsa mtima, amalira pa kanthu kakang'ono, amalakalaka zotsekemera, ndipo cimfine sicimuphonya. Ana aang'ono amatisokoneza kwambiri, pakuti akatopa sakhala cete. Amathamanga, amavuta, amamenya anzao, ife n'kumati wakhuta.

Apa tinene za mayeso. Ambiri a ife tikumbukira masiku a mayeso a Giredi 12, kuika mapazi m'beseni ya madzi ozizira kuti tiwerenge mpaka tambala. Tinali kudzitama nazo, ndipo ena timauza ana athu kuti acite cimodzimodzi. Kunena zoona, zimene munthu awerenga 02:00 maso ali kulemera zimakhala ngati madzi othira m'dengu. Mwana amene wawerenga maola awiri madzulo n'kugona mokwanira amalowa m'cipinda ca mayeso ndi zambiri m'mutu kuposa amene wacezera usiku wonse.

Pali cinthu cina cimene makolo ambiri sitinauzidwe. Kunja kukada, ubongo umatulutsa homoni yochedwa melatonin, imene imauza thupi kuti nthawi yogona yakwana. Mwana akayamba kutha msinkhu, melatonin imayamba kutuluka mocedwa, mwina ndi ola limodzi kapena awiri. Ndiye cifukwa cake mwana amene kale anali kugwa ndi tulo pamphasa 20 koloko, lero ali ndi zaka 15 maso ali gwa mpaka 22 koloko, ndipo m'mawa amakhala ngati mtembo. Sikuti wayamba mwano. Ndi mmene thupi la msinkhu umenewo limayendera. Belu la sukulu silisuntha, conco mpata wa tulo umapanikizika wokha ngakhale popanda cina cosokoneza.

Ndiyeno m'mpata wopanikizika kalewo timalowetsamo foni. Kuwala kwake pafupi ndi maso kumacedwetsa melatonin, koma coopsa kwambiri ndi zimene zili m'katimo. Buku lili ndi tsamba lothera, sewero la pawailesi lili ndi mapeto, koma mavidiyo a pa TikTok ndi Facebook anapangidwa kuti imodzi ikatha ina iyambe. Pa WhatsApp mnzake walemba, ndipo kusayankha kumaoneka ngati kudana. Onjezani mabandulo otsika mtengo a pakati pa usiku, amene kwa mwana wa ndalama zocepa ndiwo okhawo angakwanitse. Tikauza mwana wa zaka 14 kuti adziletse yekha foni ili pansi pa pilo, tamupatsa nchito imene ife akulu imatikanika. Tiyeni tivomereze: ndi angati a ife amene timazima nyale koma nkhope ikali kuwala?

Zakumwa nazo zili ndi mbali yake. Mu tiyi, khofi, zakumwa za kola ndi zija zochedwa zopatsa mphamvu, zimene zadzaza m'tuntemba, muli caffeine. Mankhwala amenewa sacoka msanga m'thupi. Patapita maola pafupifupi asanu, theka lake limakhala likali m'magazi. Botolo limene mnyamata wamwa 17 koloko pocoka ku mpira likali kugwira nchito 22 koloko. M'mawa adzuka wotopa, agulanso lina kuti acangamuke, ndipo njinga yayamba kuzungulira.

Masana naonso amakonza usiku. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, linanena mu 2020 kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azicita zolimbitsa thupi pafupifupi mphindi 60 tsiku lililonse, zofika potulutsa thukuta ndi kupuma mofulumira. Mwana wa kumudzi ku Katete kapena ku Lundazi, amene amaweta ng'ombe ndi kuyenda pansi kupita ku sukulu, amapyola pamenepo osadziwa. Vuto lili kwa mwana wa m'tauni wotsekeredwa mumpanda, wocoka pa mpando wa basi kupita pa mpando wa m'kalasi ndi kubwerera pa mpando wa TV. Thupi limene silinatope silifuna kugona, ndipo maso amene sanaone dzuwa la m'mawa sadziwa bwino nthawi ya usiku.

Sitikuiwala kuti si zonse zili m'manja mwathu. Banja la anthu asanu ndi awiri m'cipinda cimodzi silingapatse mwana malo acete. M'makomboni ambiri nyimbo za m'mabala zimalira mpaka usiku kwambiri. Mu Okutobala malata amatentha ngati ciwaya. Mu 2024, madzi atacepa ku Kariba cifukwa ca cilala, malaiti anali kubwera pakati pa usiku m'madera ambiri, ndipo nyumba yonse inali kudzuka kusita, kuphika ndi kuchaja mafoni. Mwana wogona ndi njala naye sagona, amangotembenuka. Izi ndi zoona, ndipo sitifuna kuika mtolo wina pa amai amene akulimbana kale ndi zambiri. Komabe ngakhale m'nyumba yosauka muli zina zimene sizifuna ngwee. Neti ya udzudzu imene tinalandira ku cipatala ikhale pamwamba pa ana, osati pa dimba kapena pa khola la nkhuku, pakuti udzudzu umaba tulo usanabweretse n'komwe malungo. Ana adye msanga, asadikire munthu amene adzafika 21 koloko; mbale yake ingavundikiridwe. Nchito za m'mawa ndi za madzulo zigawidwe pakati pa anyamata ndi atsikana. Ndipo mikangano yathu ya usiku, imene timaganiza kuti ana saimva, imadutsa nsalu ndi khoma lomwe. Mwana amene wamva amai ake akulira amagona maso otseka, mtima uli maso.

Nafenso a mumpingo tidzifunse. Kuyeseza nyimbo za kwaya kumene kumatha 21 koloko pakati pa sabata, mapemphero ocezera, kugona pa maliro masiku atatu ndi ana a sukulu: zonsezi zili ndi malo ake, koma Utiko anagwa ali pa msonkhano wabwino. Atsogoleri a magulu a acinyamata angathe kuyamba msanga ndi kumaliza dzuwa likali, ndipo zocezera angaziike pa chuthi.

Za foni, njira imene imagwira nchito ndi imene imakhudza onse. Ola limodzi nthawi yogona isanakwane, mafoni onse aikidwe malo amodzi kunja kwa kumene ana amagona, ya atate ndi ya amai pamodzi. Mwana akati amaigwiritsa nchito podzuka, wochi ya belu ya pamsika si yodula. Masiku oyamba padzakhala kung'ung'udza, ndipo kwina kudzacokera kwa akulu. Pa Ciweru ndi pa Sondo mwana angagone moonjezera pang'ono, ola limodzi kapena awiri, koma akagona mpaka masana, usiku wa Sondo tulo sitibwera ndipo Lolemba limayamba ndi ngongole.

Pali nthawi zina pamene vuto si maola. Ngati mwana amagona mokwanira koma amadzukabe wofooka, m'maso ndi m'zikhato muli mbuu, kungakhale kucepa kwa magazi, njoka za m'mimba kapena malungo. Ngati amaliza mkonono waukulu usiku uliwonse, nthawi zina n'kumaleka kupuma kwa kamphindi, angakhale ndi zotupa kummero zimene zimatseka njira ya mpweya. Ngati wacinyamata wayamba kugona usana wonse kapena kusagona konse, wasiya anzake ndi cakudya, ndipo salabadira zimene anali kukonda, kungakhale kuvutika maganizo. Onsewa apite ku kiliniki, ndipo wacitatuyo asasiyidwe yekha ndi maganizo ake.

Kuti tidziwe pamene nyumba yathu ili, titenge pepala sabata ino, tilembe dzina la mwana aliyense, ndipo tsiku lililonse tilembe nthawi imene wagonadi ndi imene wadzuka. Tisalembe imene walowa m'cipinda, koma imene nyale ndi foni zazima. Pa Ciweru tikhale nao pansi, tiwerengere pamodzi maolawo, ndi kuwafunsa iwo eni ake cimene cimawacedwetsa.