Kuzindikira Ntchentche Zonyezimira pa Chithunzi

Mwana aliyense wa pamudzi adziwa ntchentche zija zonyezimira ngati chitsulo, zimene zimaunjikana pa nyama yakufa, pa chimbudzi, ndi pa thandala pamene asodzi ayanika nsomba. Masiku ano ana ena amazijambula ndi foni, nadza nacho chithunzi kwa mphunzitsi kudzafunsa dzina lake. Tsono mphunzitsi wofulumira amayang'ana kubiriwira kokha, natchula dzina limene akumbukira. Pamenepo ndi pamene amalakwa, pakuti kunyezimira kwa ntchentche kumanyenga maso.

Ntchentche zimenezi zili m'banja limene akatswiri amatcha Calliphoridae. M'banjamo muli mafuko, ndipo m'fuko lililonse muli mitundu yambiri. Mafuko atatu odziwika ndiwo Lucilia, Chrysomya ndi Calliphora. Kuwala kwa thupi lawo kumachokera m'mapangidwe a khungu, limene limabweza kuunika kwa dzuwa. Chifukwa chake ntchentche imodzi yomweyo ioneka yobiriwira pamthunzi, koma padzuwa ioneka ngati mkuwa. Ndiponso zina zikakalamba zimafiirira. Palinso Neomyia, ya m'banja la ntchentche ya m'nyumba, imene ili yobiriwira chimodzimodzi. Komanso ntchentche ija yoikira mazira pa zovala zoyanika, imene mphutsi zake zimalowa m'khungu la munthu, Cordylobia anthropophaga, ndi ya banja la Calliphoridae ndithu, koma ili yofiirira mwachikasu, yosanyezimira konse.

Kotero mphunzitsi ayenera kuyamba ndi fuko, poyang'ana msana ndi mimba. Lucilia ili ndi mizere ya ubweya wouma, wonga timinga, pamsana ponse, ndipo mimba yake ilibe malamba akuda oonekera. Chrysomya ili ndi timinga towerengeka pamsana, ndipo kawirikawiri mimba yake ili ndi malamba akuda opingasa. Calliphora ndi yaikulupo, ya msana wotuwa ndi mimba ya buluu, ndipo imakonda malo ozizira.

Fuko likadziwika, ayang'ane nkhope, mapiko, ndi kachiboo kopumira kamene kali m'nthiti kuseri kwa mutu. Chrysomya megacephala, imene Fabricius anailemba m'chaka cha 1794, inachokera ku Asia. Ili ndi maso aakulu ofiira, masaya achikasu, ndi kachiboo kopumira kakuda. Maso a yamphongo amakomana pakati pa mutu. Chrysomya albiceps, imene Wiedemann anailemba mu 1819, ili ndi kachiboo koyera. Chrysomya marginalis, yopezeka pa mitembo ya nyama zazikulu, imazindikirika msanga ndi mzere wakuda wa kutsogolo kwa phiko. Chrysomya putoria imaswana m'zimbudzi zokumba, ndipo ikatera pa nsima kapena pa ndiwo imasiyapo tizilombo totsegula m'mimba.

Koma ilipo mitundu imene chithunzi wamba sichingathe kuilekanitsa. Lucilia sericata ndi Lucilia cuprina zifanana kwambiri. Kusiyana kwake kuli pa ntchafu za miyendo yakutsogolo, zimene pa cuprina zili zobiriwira koma pa sericata zili zakuda, ndi pa tiubweya ta kunkhongo timene sitioneka popanda galasi lokuzira zinthu. Chrysomya bezziana nayo imafanana ndi megacephala, chikhalirecho makhalidwe ake ndi ena: iyo siikira mazira pa nyama yakufa, koma pa zilonda za ng'ombe, mbuzi ngakhale anthu amoyo, ndipo mphutsi zake zimadya mnofu wamoyo. Fritz Zumpt, amene anagwira ntchito ku Johannesburg, analemba buku lalikulu la nthenda ya mphutsi zotere mu 1965. Akatswiri onga iye amazindikira mitundu yovutayi pounika ntchentche yeniyeniyo, kapena mphutsi yake, pansi pa galasi. Motero mwana akanena kuti ntchentche anaijambula pa chilonda cha chiweto, mphunzitsi asataye nthawi ndi dzina; auze makolo kuti aitane mlangizi wa ziweto.

Chithunzi chothandiza chimajambulidwa motere. Ntchentche ikodwe m'botolo loyera, ndi kuikidwa pamalo ozizira kwa kanthawi kuti ileke kuuluka. Ijambulidwe katatu: kuchokera pamwamba, kuti msana, mimba ndi mapiko zioneke, cham'mbali, kuti kachiboo kopumira ndi miyendo zioneke, ndi chakumaso, kuti masaya ndi maso zioneke. Kujambula kuchitike masana pamthunzi, osayatsa getsi la foni, pakuti kuthwanima kwake kumabisa timinga. Pambali pake paikidwe rula, popeza zambiri za ntchentchezi zili pafupifupi sentimita imodzi m'litali. Mwana alembe tsiku, malo, ndi chinthu chimene ntchentcheyo inaterapo. Atatha zonsezi asambe m'manja ndi sopo.

Pomaliza, mphunzitsi atchule chokhacho chimene chithunzi chaonetsa. Ngati malamba akuda aoneka koma kachiboo kopumira kabisika, alembe pa bolodi kuti, “Iyi ndi Chrysomya, mtundu wake sunadziwike,” ndipo alekere pomwepo. Kutero si manyazi ayi. Dzina lonama likalowa m'kope la mwana limakhalitsa, ndipo mwanayo adzaliphunzitsa anzake. Koma mwana amene waona mphunzitsi wake akuwerenga timinga, nafunsa chithunzi china asanayankhe, waphunzira kupenyetsetsa asanaweruze, ndipo luso limenelo adzapita nalo ku phunziro la mbalame, la mitengo ndi la nyenyezi.