Columbia, chombo chomwe chinabwerera padziko chitapserera

Mumzinda wa Washington ku America muli nyumba yoonetseramo ndege ndi zombo za mumlengalenga yotchedwa National Air and Space Museum. Inatsegulidwa mu 1976 ndipo kulowamo n'kwaulere. Alendo ambiri amakhamukira pa kamwala ka kumwezi kamene kanabwera ndi ulendo wa Apollo 17 mu 1972, poti amaloledwa kukakhudza. Koma pofunika kuima nthawi yaitali ndi pa Columbia, chombo chimene Neil Armstrong, Buzz Aldrin ndi Michael Collins anabwereramo kuchokera kumwezi pa 24 July 1969.

Kuchepa kwake n'kodabwitsa. Roketi ya Saturn V imene inawanyamula inali yaitali mamita 111, koma chimene chinabwerako ndi kachipinda aka basi, kosongoka pamwamba ngati denga la nkhokwe. Amuna atatu ankadya, kugona ndi kudzithandiza momwemo.

Tsono muweramire kunsi kwake, chifukwa nkhani ili kumeneko. N'kwakuda, kokakala, kopserera. Chombochi chinalowa mumpweya wa dziko lino pa liwiro la makilomita pafupifupi 40,000 pa ola. Pa liwiro lotere mpweya umasowa kothawira, umapanikizika kutsogolo kwa chombo n'kutentha kwambiri, mpaka kunsiko kumafika madigiri oposa 2,500. Chitsulo chimasungunuka pa madigiri pafupifupi 1,500.

Akatswiri sanavutike kufuna chinthu chosapsa. Anamata chombocho ndi utomoni wotchedwa Avcoat, umene anauthira ndi manja m'timabowo toposa 300,000, kamodzikamodzi. Utomoniwo ukamapsa umasanduka makala n'kumanyenyeka, ndipo zonyenyekazo zimapita ndi moto womwe. Kuphwatalala kwa kunsiko nakonso n'kwadala: kumakankhira mpweya wotenthawo patali pang'ono ndi chombo. Kwa ine luso lagona apa, kuti anthu anapulumuka chifukwa china chake chinaloledwa kupsa m'malo mwawo.

Atatera m'nyanja ya Pacific, amuna atatu aja sanapite kwawo msanga. Madokotala ankaopa kuti mwina atenga tizilombo ta kumwezi timene thupi la munthu silingalimbane nato, choncho anawabindikiritsa mpaka pa 10 August. Sanawapeze ndi kalikonse, ndipo ulendo wa Apollo 14 utatha lamulo la m'bindikirolo linachotsedwa.