Njanji ya Nacala ndi Mafuta a Nyale ku Ndirande

Mayi wogula mafuta a nyale pamsika wa Ndirande saganizako za akazembe. Komatu mtengo umene iye amalipira umayambira kutali, kumadoko a Beira ndi Nacala m'dziko la Mozambique, pakuti Malawi alibe doko la panyanja yamchere.

Njanji ya ku Beira ndiyo yakale. Ya ku Nacala inatsegulidwa m'chaka cha 1970. Likulu la njanji linali ku Limbe, pafupi ndi Bangwe, ndipo fodya ndi tiyi wotuluka, feteleza ndi mafuta olowa, zonse zinkadzera njira ziwirizi.

Nkhondo ya Renamo itakula, njira zonsezi zinatsekeka pofika 1984. Katundu anayamba kuzungulira mpaka ku Durban, ulendo wotalika kangapo. Ndalama za ulendowo sanasenze mwini lole ayi, koma wogula wa ku Chilomoni ndi ku Zingwangwa, amene malipiro ake sankakwera msanga monga mitengo.

Ubale unafika poipa mu September 1986, pamene Samora Machel anadza ku Blantyre pamodzi ndi Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe kudzadandaulira Dr. Kamuzu Banda kuti zigawenga zikubisala m'Malawi. Boma linakana mlanduwo, koma Machel anaopseza kutseka malire. Dziko lopanda doko silingachite makani nthawi yaitali ndi mwini doko. Mu December chaka chomwecho maiko awiriwa anasaina pangano la chitetezo, ndipo mu 1987 asilikali a Malawi anapita kukalondera njanji ya Nacala. Ena mwa iwo anafera komweko, mtendere usanadze mu 1992.