Nambala ya Galimoto ndi Chikwangwani Chake

Galimoto zolembetsedwa m'boma la Mulanje zimadziwika ndi malembo akuti MJ. Malamulo a pamsewu amalamula kuti malembowa, pamodzi ndi manambala ake, azioneka kutsogolo ndi kumbuyo komwe.

Olemba ayenera kusiyanitsa zinthu ziwiri. "Nambala" ndi zolembedwazo, pamene "chikwangwani cha nambala" ndi chitsulo chimene zolembazo zakhalapo. Chikwangwani chakutsogolo chikathothoka, galimotoyo sinataye nambala ayi, komabe woyendetsa ali ndi mlandu. Womasulira lamulo akasokoneza mawuwa amasocheretsa woyendetsayo.

Aneni nawonso asasakanizidwe: chikwangwani "chimakhomedwa" ndi misomali, "chimamangidwa" ndi mabawuti, ndipo "chimamatidwa" ndi guluu.

Kalembedwe koyenera ndi "nambala", osati "nambara", pakuti lembo la r limadza pambuyo pa i kapena e basi.