Ng'ala imachotsedwa ulere, nanga agogo akubwereranji osaona?

Pali mawu amene okalamba a kuno kuchigwa cha Shire awamva mpaka kuwaloweza pakhomo la chipinda cha maso: "Adokotala sanabwere, mudzabwerenso." Amene akuuzidwa mawuwa ndi gogo wosaona, amene wadzuka tambala woyamba, wakwera kabaza, mwinanso wawoloka Shire pabwato kuchokera ku East Bank, atagwira phewa la mdzukulu amene lero wajomba kusukulu. Gogo wotere akabwezedwa kawiri, kachitatu sabweranso. Amakakhala pakhonde n'kumati ndi ukalamba basi, chonsecho chomwe chamutseka maso ndi ng'ala, imene dokotala amachotsa pa nthawi yosakwana ola limodzi.

M'kati mwa diso, kuseri kwa kamwana kadiso, muli kagalasi kamene kamayenera kukhala koyera mbee ngati madzi a pamjigo. Munthu akamakula kagalasika kamayamba kuchita chifunga, ndipo imeneyo ndiyo ng'ala. Matenda a shuga, fodya ndi dzuwa lamphamvu zimaifulumizitsa, ndipo za dzuwa la ku Ngabu kapena ku Bangula sitichita kuuzana. Ng'ala sipweteka, diso silifiira, imangobwera pang'onopang'ono. Agogo amayamba kudandaula kuti kunja kwachita utsi, nyali za galimoto zimawathobwa m'maso, amasokoneza K500 ndi K1,000, amazindikira mlendo pokhapokha atayankhula. Ikakhwima, pakati pa diso pamaoneka poyera. Kafukufuku amene Dr Khumbo Kalua ndi anzake anafalitsa mu 2011 anapeza kuti mwa anthu a zaka 50 kupita m'tsogolo amene anali akhungu kum'mwera kwa Malawi, pafupifupi theka anali otero chifukwa cha ng'ala.

Papepala njira yokachotsera ng'ala ndi yaifupi. Mumayambira kwa mlangizi wa zaumoyo kapena pachipatala chaching'ono cha kwanu, amakulemberani m'buku lanu la kuchipatala, n'kukutumizani kwa dokotala wa maso pachipatala chachikulu cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje. Iye amayeza maso ndi kutsimikiza ngati ilidi ng'ala. Kuyezaku n'kofunika, chifukwa si khungu lonse limene lili ng'ala. Pali glaucoma, imene imawononga mtsempha wa diso ndipo zimene yawononga sizibwerera. Palinso zipsera za trachoma, nthenda imene inazunza chigwa chino zaka zambiri mpaka bungwe la WHO litalengeza mu 2022 kuti Malawi waigonjetsa.

Apa ndiye pamene zinthu zimaima. Amene wakuyezaniyo kawirikawiri si amene adzachite opaleshoni. Akatswiri ochotsa ng'ala m'dziko muno ndi owerengeka, ndipo a dera lathu ambiri ali ku Lions Sight First Eye Hospital, pa Queen Elizabeth ku Blantyre. Choncho dzina la agogo limalembedwa pamndandanda, kudikira tsiku limene gulu la madokotala lidzatsike kuchigwa, apo ayi muyenera kukwera nokha zitunda za ku Thabwa. Tsiku la madokotalalo limadalira mafuta a galimoto, zipangizo ndi thandizo la mabungwe, ndipo limasinthasintha. Uthenga wa kusinthako umathera pabwalo la chipatala. Wokhala ku Makhanga kapena ku Chapananga amaumva madokotala atabwerera kale. Nyengo ya mvula ndiye musanene. Pamene namondwe Freddy anadula misewu mu March 2023, anthu ambiri a ku East Bank sakanatha kufika ngakhale pachipatala chapafupi.

Musachoke m'chipinda cha maso ndi mawu akuti "mudzabwerenso" okha. Funsani mwaulemu kuti dzina lalembedwa m'kaundula uti, siyani nambala ya foni imene imakhala yoyatsa, ngakhale ya aphunzitsi kapena ya amfumu, ndipo pemphani kuti zonse zilembedwe m'buku la agogo. Ena mwa ogwira ntchito ali ndi chizolowezi choyankha maso ali pafoni, ndipo gogo amene akufotokoza m'Chisena amangogwedeza mutu osamva kanthu. Womuperekeza akhale munthu wamkulu wotha kufunsa kachiwiri, osati mwana wa sitandade 4.

Chopinga china chimawawa kwambiri chifukwa chimabwera pa tsiku lenilenilo. Madokotala afika, agogo ali pamzere, koma powayeza BP yakwera kapena shuga wakwera, ndiye akuti lero sizitheka. Madokotalawo salakwa, opaleshoni pa thupi lotero ndi yoika diso pachiswe. Cholakwika n'chakuti palibe amene anauza banjalo miyezi iwiri yapitayo, pamene dzina linkalembedwa, kuti akayambe kuyezetsa ndi kumwa mankhwala. Mukangolembetsa, kayezetseni BP ndi shuga pachipatala cha kwanu. Diso likamatuluka mafinya, lichiritsidwe kaye. Ndipo musadonthezemo madzi a zitsamba podikira: palibe mtengo umene umasungunula ng'ala, koma ilipo yambiri imene imaotcha diso mpaka dokotala kusowa chokonza. Komanso mukauzidwa kuti "sinakhwime", funsani tsiku lodzayezanso. Masiku ano sadikira kuti munthu achite khungu lenileni. Ngati ng'ala ikumulepheretsa kulima, kuphika kapena kuyenda yekha, nkhani ya opaleshoni iyenera kukambidwa.

M'zipatala za boma opaleshoniyi ndi yaulere. Wina akakunong'onezani kuti mupereke kangachepe kuti dzina likwere pamwamba, kanani, ndipo kanenezeni kwa Ombudsman wa pachipatalapo kapena kwa mkulu wa zaumoyo m'boma. Zipatala za mishoni zimalipiritsa, choncho funsani mtengo musanagonekedwe, ndipo tengani lisiti. Koma ulerewo uli ndi malire amene aboma satchula: thiransipoti ya anthu awiri kupita ndi kubwerera, ufa, ndiwo ndi nkhuni za gadiyani, kuphatikizapo ulendo wina wokaonetsanso diso. Pamenepa ndi pamene amayi okalamba amatsalira, chifukwa m'mabanja ambiri mbuzi imagulitsidwa msanga wodwala akakhala bambo.

Opaleshoniyo siyoopsa monga mmene imamvekera kumudzi. Diso salitulutsa, ndipo mphekesera zoti amaikamo la mbuzi ndi bodza. Agogo sagonetsedwa tulo. Amabaya jakisoni wochititsa dzanzi pambali pa diso, dokotala amacheka pang'ono, n'kuchotsa kagalasi kachifungako ndi kuikapo kena kapulasitiki kamene kamakhala moyo wonse. Kawirikawiri amayamba ndi diso limodzi, linalo limadikira. M'mawa mwake amamasula bandeji, ndipo ambiri amayamba kuona pomwepo.

Kunyumba, mankhwala odontheza aikidwe monga mwauzidwira, ndi manja osamba ndi sopo. Agogo asatikite diso, atalikirane ndi utsi wa kukhitchini ndi fumbi la popeta, asasenze katundu wolemera kwa milungu ingapo, ndipo asakasambe kumtsinje. Diso likayamba kupweteka kwambiri, kufiira kapena kuchitanso mdima, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira tsiku lolembedwa m'buku. Pa ulendo wokaonetsa disolo, funsani pomwepo kuti lachiwirilo alilemba liti.