Ndalama zidapita, makina ozokotera sadafike

Mlamu wanga, amene sindimutchula dzina pano chifukwa manyazi amene adaona ndi okwanira kale, ndi mmodzi mwa anthu amene adaphunzira ntchito ya manja ali kothawa nkhondo ku Malawi. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu nayamba kubwerera kumidzi kuno ku Angónia, iye adabwera ndi nyundo, matchizulo atatu ndi luso lozokota zilembo pa simenti ndi pa mwala. Masiku amenewo ntchito siinkasowa. Mabanja ambiri adali ndi manda a abale amene adaikidwa mothamanga mfuti zikulira, ndipo aliyense ankafuna chiliza kuti dzina la malemu lisaiwalike. Kuyambira pamenepo mlamuyo wadya za tchizulo kwa zaka zoposa 30: ziliza, zikwangwani za masitolo ndi za matchalitchi, zidindo za masukulu ndi za magulu a alimi.

Tsoka lidalowera pa foni. Mwana wake wamwamuna adamuonetsa kanema wa pa Facebook, makina a laser akulemba dzina pa thabwa ngati munthu wogwira bolopeni, ntchito ya tsiku lathunthu itatha madzi a tiyi asadawire. Pansi pa kanemayo padali nambala ya munthu amene ankati ali ndi sitolo ku Beira, ndipo makina atsala awiri okha. Mlamu, amene maso adayamba kale kuchita chidima ndipo dzanja limanjenjemera akagwira tchizulo nthawi yaitali, sadaone tulo usiku umenewo. Ndani angamudzudzule?

Wogulitsayo adapempha theka la mtengo kuti amusungire makinawo. Mlamu adagulitsa mbatatesi yonse ya kudimba pamodzi ndi ng'ombe imodzi, natumiza ndalamazo pa M-Pesa. Patapita masiku anayi kudabwera uthenga wakuti a alfandega agwira katunduyo padoko, pakufunika ina yowombolera. Sadadzifunse kuti katundu amene ankati ali m'sitolo wapezeka bwanji padoko. Adatumiza. Kenaka akuti lole yafera pa Inchope, dalaivala akufuna ya makaniko. Adatumizanso, pakuti munthu akataya zambiri amaopa kuti akaleka pamenepo ndiye kuti zoyamba zija zapita ndithu. Tsiku lachitatu lake foni ija idaleka kulira. Mwana uja adakwera chapa mpaka ku Tete, nakweranso basi ya ku Beira, ulendo wa makilomita pafupifupi 600 kuchokera ku Teteko, ndipo pa adiresi imene adapatsidwa adakapeza nyumba yometera tsitsi.

Chowawa kwenikweni si ng'ombe ayi. Ndalama yachiwiri ndi yachitatu siidali yake. Idali chikole cha mabanja anayi amene adamupatsa kuti awagulire miyala ndi simenti, poti chilimwe, anthu atakolola, ndiyo nyengo ya ziliza. Banja lina lidali litauza kale abale a ku Dedza ndi ku Joni tsiku lovundukula chiliza. Tsikulo lidafika, mwala palibe, nkhani idakathera pabwalo la a mfumu.

Tsono awerengi, musafulumire kunena kuti aliyense wopempha ndalama patsogolo ndi mbava. Mmisiri wa ziliza nayenso sayamba kuzokota dzina la munthu pa mwala asadalandire kanthu, chifukwa mwini akasintha maganizo mwala wolembedwa dzina sungagulitsidwe kwa wina. Mafakitale a ku China, monga a mumzinda wa Jinan kumene kumapangidwa makina ambiri a mtundu umenewu, nthawi zambiri amafuna magawo 30 pa 100 alionse poyamba, ndipo 70 otsalawo katundu asadakwere sitima. Ndi mwambo wa malonda, ndipo ambiri amatumizadi katundu. Kusiyana kwake n'kwakuti wopereka chikole kwa mlamu wanga amadziwa khomo lake, mkazi wake, munda wake ndi mfumu yake. Wotumiza ndalama kwa munthu wa pa foni sadziwa ngakhale nkhope. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ndalama ikangochoka m'manja mwanu mphamvu yonse yapita kwa winayo, inu mwatsala ndi kupempha ndi kudikira. Ndipo ya pa M-Pesa, e-Mola kapena mKesh, wolandira akangoitapa kwa ajenti, kuibweza ndi nkhani yovuta zedi.

Ngakhale wogulitsa wachilungamo angathe kukugwetsani m'mavuto. Ambiri a ife a m'malire timaona chapafupi kukagula ku Lilongwe kapena ku Blantyre, kudzera pa Calomue kapena pa Zobue, kusiyana ndi kupita ku Beira. Koma sitolo ya ku Malawi nayonso imaitanitsa makinawo kunja ndi madola. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi magawo 25 pa 100, ndipo mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi magawo 44. Munthu amene adapereka theka la mtengo m'makwacha kutatsala sabata imodzi, akanamva kuti theka lija tsopano si thekanso, aonjezere kapena alandire makwacha ake opepuka. Palibe adaba pamenepo, koma ndalama yachepa. Enanso mukukumbukira Malichi 2019, pamene namondwe Idai adasakaza Beira nadula msewu wopita ku Chimoio. Amene adali atalipira kale katundu adangokhala manja ali m'khosi. Wogulitsa angathenso kudwala, kumwalira kapena kugwa ndi ngongole ndalama yanu ili m'thumba mwake.

Mtengo wa pa chithunzi si mtengo wa pakhomo

Apa ndi pamene amisiri ambiri amapunthwa ngakhale sadakumane ndi wakuba. Mtengo wotsika umene mumaona pa intaneti nthawi zambiri ndi wa pachipata cha fakitale. Pamwamba pake pali ya sitima, ya inshuwalansi, ya padoko, ya despachante wokonza mapepala a alfandega, msonkho wolowetsera katundu, ndi IVA imene kuyambira mu Januwale 2023 ili pa 16 pa 100 alionse. Bokosi likakhala padoko kupitirira masiku ololedwa, tsiku lililonse limawerengedwa ndalama. Mukamaliza zonsezo mulinso ndi ulendo wochokera ku Beira kudzafika ku Ulongwe. Munthu amene adakokolola zonse za m'nyumba kuti alipire fakitale amatsala wopanda chowombolera katundu wake yemwe, ngongole ya padoko ikukula ngati chulu.

Tiyerekeze kuti bokosi lafika pakhomo, ana akuvina. Nkhani siidathe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Makina a laser si amodzi ayi, ndipo pa kanema onse amaoneka ofanana. A mtundu wa CO2 amazokota bwino thabwa, chikopa, galasi ndi labala ya zidindo, koma salemba pa chitsulo chosapaka kanthu. Wofuna kulemba pa zikho za mpira, pa makiyi kapena pa timapuleti ta chitsulo afunika a mtundu wa fiber, amene mtengo wake ndi wina. Aang'ono otchipa aja a mtundu wa diode, ogulitsa ena amalemba mphamvu ya magetsi imene makinawo amadya, osati mphamvu ya kuwala kumene kumagwira ntchito, choncho cholembedwa 40 W chingathe kukhala cha 5 W chabe pa ntchito.

Nanga za ziliza? Makina a CO2 a 40 W amene afala kwambiri, malo ake oikapo chinthu ndi pafupifupi masentimita 30 m'litali ndi 20 m'lifupi, ngati pepala la kalata ya ku ofesi. Mwala wa pamanda ulowa bwanji? Komanso laser pa mwala wakuda imangoyeretsa pamwamba. Chithunzi cha malemu chimatuluka chokongola ndithu, koma zilembo zakuya zimene anthu a kuno amakonda, zoti chala chilowe, zimafuna tchizulo, makina ogoba ndi msomali wozungulira, kapena opopera mchenga. Ndikaganiza bwino, ngakhale makina a mlamu wanga akadafika, sakadagwira ntchito imene iye ankawafunira. Izi sindidamuuze.

Mtima wa makina a CO2 ndi chubu chagalasi chachitali, chimene chimafuna madzi ozungulira kuti chisatenthe. Taganizani galasi lotero likudumpha m'maenje a msewu kumbuyo kwa lole. Likafika losweka, wogulitsa adzati lidachoka lili bwino, wa lole adzati sadatsegule bokosi, ndipo inu amene mudalipira zonse mulibe chogwirira aliyense. Ena alandirapo makina opangidwira magetsi a 110 V a ku America pamene athu ndi a 220 V. Ndipo makinawa amafuna kompyuta, munthu woidziwa, ndi magetsi osagwedezeka. Mudzi umene mawaya a EDM sadafike, kasola ka wailesi ndi foni sikangawayendetse.

Liwu limodzi pa pepala

Pali chinthu china chimene anthu ambiri sachidziwa. Buku la malamulo la Código Civil la 1966, limene dziko lathu likugwiritsabe ntchito, limasiyanitsa ndalama yongolipiriratu ndi chikole chimene pa Chipwitikizi amati sinal. Ndime 440 imati pa malonda wamba ndalama yoperekedwa patsogolo imatengedwa ngati gawo la malipiro, pokhapokha awiriwo atagwirizana kuti ndi sinal. Ndime 442 imati ngati ndi sinal, wopereka akalephera mbali yake ndalamayo yapita, koma wolandira akalephera chifukwa cha kulakwa kwake ayenera kubweza kawiri. Choncho liwu limodzi lolembedwa pa pepala losainidwa ndi onse awiri limasintha mlandu wonse. Amisiri akumbukire kuti mpeni umenewu ndi wakuthwa konsekonse: inunso mukalandira sinal ya chiliza n'kulephera, mwini angakufunseni kawiri.

Koma lamulo limagwira munthu amene ali ndi dzina ndi khomo. Bwalo la a mfumu kapena khoti la m'mudzi silingaitane nambala ya foni yozima, ndipo silifika ku China. N'chifukwa chake ntchito yaikulu ili poyamba, ndalama isadachoke. Sitolo yeniyeni ya m'dziko muno ili ndi NUIT ndi alvará, ndipo imapereka factura yokhala ndi dzina lake. Dzina la pa akaunti yolandirira ndalama lifanane ndi la pa facturayo. Akakuuzani kuti tumizani pa nambala ya mkazi wanga kapena ya mnyamata wanga, imani pomwepo. Chimodzimodzi mukalandira uthenga wakuti akaunti yathu yasintha, pakuti mbava zina zimalowa m'makalata a kampani yeniyeni n'kuika akaunti yawo. Imbani pa nambala imene mudali nayo kale, osati ya mu uthengawo. Wogula kunja adzere ku banki, kumene adzamufunsa factura pró-forma ndipo ndalama idzasiya mapazi. Pa Alibaba pali chitetezo chotchedwa Trade Assurance, koma chimagwira ntchito pokhapokha oda ndi malipiro zadzera pomwepo. Wogulitsa amene akukukokerani pambali pa WhatsApp, nalonjeza kutsitsako mtengo, akukuvulani chitetezo chimenecho.

Kwa ine, yeso loposa onse ndi losavuta. Muuzeni wogulitsa akuimbireni foni ya kanema, atenge chinthu chofanana ndi chimene inu mumagwirapo ntchito, kaya mwala kaya chitsulo, alembepo dzina la mudzi wanu ndi tsiku la lero inu mukuona. Amene alidi ndi makina sachedwa nazo. Amene adangoba kanema wa eni ake amayamba kunena za netiweki. Ndipo ngati makina ali ku Tete, ku Beira kapena ku Lilongwe, ndalama ya basi ya anthu awiri ndi yochepa poyerekeza ndi ng'ombe. Pitani ndi mwala wanu m'chikwama, muwaone akugwira ntchito, mufunse kumene mudzagula chubu china chikatha, mulipire atakwezedwa pa galimoto. Ngati chikole sichingapeweke, chikhale chochepa, choti chitatayika ana adzadyabe nsima, ndipo chotsalacho chidikire makina atayaka pakhomo panu. Wokuuzani kuti atsala awiri okha, lipirani lero, akudziwa kuti mukagona kawiri mudzafunsa anzanu.

Zikavuta, musabise chifukwa cha manyazi monga adachitira mlamu, amene adakhala sabata zitatu osauza ngakhale mlongo wanga. Imbirani kampani ya foni tsiku lomwelo, mwina ndalama isadatapidwe, ndipo pitani kupolisi ndi mauthenga onse osafufuta ngakhale umodzi.

Pabwalo paja a mfumu adagamula kuti mlamu amange ziliza zinayi zija ndi ndalama zake, chimodzi chimodzi, kuyambira cha banja limene lidaitana abale akutali. Ziwiri zatha. Chachitatu ndidachipeza sabata yatha chili pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, mwana uja atajambula zilembo ndi pensulo, bambo wake atavala magalasi obwereka, akugogoda tchizulo pang'onopang'ono pa chaka chobadwa cha malemu. Simenti ya chachinayi ikudikira mbatatesi ya kudimba.