Tipulumutse zimbale zathu: kusamutsa kanema kuchoka pa DVD kupita mu foni

M'nyumba zambiri za anthu a mpingo wathu muli katoni kapena kabati ya zimbale. Muli chimbale cha kwaya ya kwathu, cha ukwati wa achemwali, cha maulaliki a ku msonkhano wa misasa, ndi cha tsiku limene ana a Pathfinder anaguba pabwalo. Zina mwa zimbalezi zili ndi nkhope ndi mawu a anthu amene anagona kale, ndipo palibe kwina kumene tingawaonenso. Vuto ndi lakuti makina oonerera zimbale akusowa. Akawonongeka sitigulanso, ndipo malaputopu ambiri a masiku ano amabwera opanda polowetsa chimbale. Chimene aliyense ali nacho m'thumba ndi foni.

Zimbale nazonso zimakalamba. Chimbale chopangidwa ku fakitale, chija chimaoneka ngati siliva kunsi, chimapirira. Koma zambiri za kumpingo ndi zojambulidwa pa kompyuta, za mtundu wa DVD-R kapena DVD+R, zofiirira kunsi. Kanema wake amalembedwa pa utoto wopyapyala umene umafooka ndi dzuwa, kutentha ndi chinyezi. Chimbale chikayamba kujejema ndi kuima pakati, chikutiuza kuti nthawi ikutha.

Chifukwa chake kukopera kokha sikukwanira

Tikalowetsa DVD mu kompyuta timapeza foda yotchedwa VIDEO_TS, ndipo m'kati mwake muli mafayilo othera ndi VOB, IFO ndi BUP. Kanema ali mu mafayilo a VOB, odulidwa m'zigawo zosapitirira 1 GB chilichonse. Enawo amauza makina dongosolo la zigawozo. Tikangokopera zonsezi mu foni, timapeza zidutswa zimene mafoni ambiri sazitsegula, ndipo malo amatha: chimbale wamba chimanyamula 4.7 GB, chosanjikiza kawiri 8.5 GB.

Kukula kumeneku kumabwera chifukwa DVD, imene inayamba kugulitsidwa ku Japan mu 1996, imasunga kanema m'njira yakale ya MPEG-2. Mafoni amakonda njira yatsopano ya H.264, yoikidwa mu fayilo ya MP4. Njira zonse ziwiri zimapewa kusunga chithunzi chilichonse chathunthu. Mbusa akamalalikira, khoma ndi guwa sizisuntha. Chimasintha ndi manja ndi pakamwa. Ndiye zimasunga chithunzi chimodzi chokwanira, kenako zosintha zokha. H.264 imachita zimenezi mwaluso kwambiri, kotero kuti kanema wa mphindi 90 amatha kutsika kufika pafupifupi 1 GB kapena kucheperapo, ndipo pa foni diso silimaona kusiyana kwenikweni. Memore khadi ya 32 GB ikhoza kunyamula akanema otere pafupifupi 30.

Zofunika kukhala nazo

Tikufunika kompyuta yokhala ndi polowetsa chimbale. Ngati ilibe, pali kachipangizo kowerenga DVD kolumikiza ndi chingwe cha USB, ndipo kamodzi kakhoza kutumikira hositelo yonse kapena mpingo wonse. Tikufunikanso pulogalamu yosinthira. Yodziwika bwino ndi HandBrake, imene inayamba mu 2003, ndi yaulere, ndipo imagwira ntchito pa Windows, Mac ndi Linux. Tiitenge pa tsamba lake lenileni la pa intaneti, chifukwa mapulogalamu ena otchedwa aulere amabwera ndi mavairasi, kapena amadinda chizindikiro chawo pakati pa kanema mpaka titalipira. Mu foni ndi bwino kuikamo VLC, yaulerenso, imene imatsegula pafupifupi kanema wamtundu uliwonse.

Kachitidwe kake

Tiyambe ndi kupukuta chimbale ndi kansalu kofewa, kuchokera pabowo la pakati kupita kumphepete. Tisapukute mozungulira. Kanema amalembedwa mu mzere wozungulira, ndiye kukandika kotsata mzerewo kumafufuta zambiri zotsatizana, pamene kukandika kodutsa mopingasa makina amatha kukukonza okha.

Tikatsegula HandBrake timasankha chimbale pa Open Source, ndipo imawerenga kwa kanthawi. Kenako pa Title imaonetsa zigawo zonse ndi kutalika kwake. Ngati ndi filimu kapena ulaliki umodzi, tisankhe chachitali koposa. Zazifupi nthawi zambiri ndi malonje. Chimbale cha kwaya chimasiyana. Nyimbo iliyonse imakhala Title yakeyake kapena Chapter yakeyake. Tikafuna nyimbo yachitatu payokha, pa Range tisankhe Chapter 3 mpaka 3, tiipatse dzina, tidinde Add to Queue, kenako tichite chimodzimodzi ndi yachinayi. Pamapeto nyimbo iliyonse imakhala fayilo yake, yosavuta kuipeza.

Pa Preset ndi pamene ambiri amasochera. Amasankha 1080p poganiza kuti kanema awala kwambiri. DVD ya kuno, ya dongosolo la PAL, ili ndi timadontho 720 m'lifupi ndi 576 m'litali, zithunzi 25 pa sekondi. Ya ku America, ya NTSC, ndi 720 ndi 480. Palibe pulogalamu imene ingawonjezere zimene kamera sinajambule. Choncho Fast 576p25 ndi yokwanira pa zimbale za PAL, ndipo Fast 480p30 pa za NTSC. Format ikhale MP4.

Pa Video pali nambala yotchedwa RF. Ikakhala yaing'ono, chithunzi chimakongola koma fayilo imakula. Ikakhala yaikulu, fayilo imachepa koma nkhope zimayamba kuoneka madibwidibwi. Pa DVD, pakati pa 18 ndi 22 ndi pabwino. Tikaona timizere ngati mano a chipeso m'mphepete mwa manja a woimbitsa akamagwedezeka, tipite pa Filters tionetsetse kuti Decomb yayatsidwa. Timizereto timabwera chifukwa makamera ambiri akale ankajambula mizere ya chithunzi modumphitsa, theka ndi theka, kutengera mawailesi akanema a nthawi imeneyo.

Tisaiwale Audio ndi Subtitles. Chimbale chimodzi chikhoza kukhala ndi zilankhulo zingapo, ndipo ndi zopweteka kudikira ola lathunthu kenako n'kupeza kuti filimu yatuluka mu Chifalansa. Mawu olembedwa m'munsi, ngati tikuwafuna, tisankhe Burn In kuti amatike pa chithunzi. Tisanayambe ntchito yonse tiyese masekondi 30 pa Preview. Zikakhala bwino tidinde Start Encode. Kutalika kwa nthawi kumadalira mphamvu ya kompyuta, ndipo ntchitoyi imadya batire kwambiri. Magetsi akathima kompyuta n'kuzima pakati, fayilo imawonongeka ndipo timayambiranso, ndiye laputopu ikhale yodzaza.

Zimbale zakale za VCD n'zosavuta. Mu foda ya MPEGAV muli mafayilo othera ndi DAT. Tikawakopera mu foni, VLC imawatsegula mmene alili.

Posamutsa, chingwe cha USB ndicho chachangu ndipo sichidya bandulo. Tikalumikiza foni ya Android tisankhe File transfer, apo ayi imangotchaja. Kutumiza pa WhatsApp ngati kanema wamba kumachepetsa kukongola kwake. Ndipo foni si nkhokwe: imabedwa, imagwera m'madzi. Tisunge kope lina pa kompyuta kapena pa fulashi, lina kwa mlembi wa mpingo ngati ndi za mpingo, ndipo chimbale chenichenicho tisachitaye. Dzina la fayilo linene chaka, malo ndi mwambo, kuti amene adzaipeze zaka 20 zikubwerazi adziwe chimene akuona.

Chimbale chikakana

Mafilimu ambiri ogulidwa m'sitolo ali ndi loko wotchedwa CSS, ndipo HandBrake payokha simatsegula loko ameneyu. Ena alinso ndi nambala ya chigawo cha dziko: America ndi 1, South Africa ndi Britain ndi 2, Malawi ndi Zambia ndi 5. Ndi chifukwa chake chimbale chimene achibale atumiza kuchokera kunja nthawi zina chimakana. Pa intaneti pali njira zothyolera maloko amenewa, koma malamulo a mayiko ambiri amaletsa, ndipo ife sitiphunzitsa zimenezo pano. Zimbale zathu za kumpingo ndi za kubanja kawirikawiri zilibe loko.

Kupanda loko sikutanthauza kupanda mwini

Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza ngati Akhristu. Malawi ali ndi lamulo loteteza eni luso la 2016, ndipo bungwe la COSOMA limayang'anira ufulu umenewu. Kugulitsa kapena kugawa ntchito ya munthu popanda chilolezo chake n'kulakwira lamulo. Koma ngakhale lamulo la dziko likadakhala chete, tili ndi lamulo lachisanu ndi chitatu pa Eksodo 20:15, ndipo silinapatule nyimbo za uzimu.

Tonse tikudziwa mmene kwaya imatulutsira chimbale. Mamembala amasonkha, amagulitsa mandasi, amalipira situdiyo, wojambula ndi galimoto yopitira kunyanja kukajambula. Amayembekezera kubweza ndalamazo pogulitsa zimbale pakhomo la tchalitchi. Mmodzi wa ife akagula chimodzi, n'kuchisintha, n'kuchiponya pa gulu la WhatsApp la anthu 200, chimbale chachiwiri sichidzatuluka. Timati tikufalitsa uthenga, koma tikufalitsa ndi thukuta la ena. Chimbale cha ukwati wa kwathu, kapena chimene tinajambula tokha, tichite nacho mwaufulu. Cha kwaya kapena cha mlaliki, tifunse kaye eni ake tisanagawire wina aliyense. Safunsa anadya phula. Ambiri akafunsidwa amalola mokondwa, ena amapempha kangachepe, ndipo kuwapatsa n'koyenera.

Ife amene tikuphunzira pano tili ndi makompyuta ndi luso limene makolo athu ambiri alibe. Pa tchuthi chikubwerachi tikafunse za katoni ija. Tiyambe ndi zimbale zofiirira kunsi, zimene zilibe zinzake kwina kulikonse, ndipo ntchitoyi tiimalize mkati mwa mlungu, dzuwa la Lachisanu lisanalowe. Masana a Sabata, agogo adzakhale pamkeka ndi foni m'manja, akuonanso kwaya imene ankaimbamo.